Kodi kalata imeneyo inakafikira pa tebulo la ndani?

Tsiku loyamba lomwe ndinalowa mu archives, nkhokwe yosungira mapepala akale, ndinapita ndi dzina limodzi basi, nditalilemba pa kapepala. Linali dzina la mphunzitsi wina amene anachotsedwa ntchito pa sukulu ina ya mishoni cha m'ma 1930, ndipo ndinalipeza m'munsi mwa tsamba la buku lina, mu timawu ting'onoting'ono tija olemba mbiri amaika pansi kuti tidziwe komwe atenga nkhani. Mizere iwiri yokha. Anangoti munthuyu analemba kalata yodandaula ndipo posakhalitsa anamuchotsa. Zinandikhala pamtima kwa miyezi ingapo, kuti kodi m'kalatamo munali mawu otani oti mpakana munthu achotsedwe nawo ntchito, nde ndinati ayi, ndipite ndikaione ndi maso anga.

Ndinafika m'mamawa, anandilembetsa, chikwama ndinasiya mu loka, bolopeni anandiuza kuti isalowe koma pensulo yokha. Ndinakhala pa kompyuta ya katalogu nkulemba dzina lija. Palibe. Ndinasintha kalembedwe kake, palibe. Ndinalemba dzina la sukulu, kunabwera tizinthu tiwiri tosakhudzana nkomwe ndi zomwe ndimafuna. Pofika masana mtima unali utagwa, ndikuganiza kuti mwina kalatayo kulibe, mwina inatayika kalekale. Amayi ena achikulire ogwira ntchito m'chipinda chowerengeramo anali akundiona kuyambira mmawa, anabwera nkuima pambali panga, akuti "Bambo, kwenikweni mukufuna chiyani?" Ndinawafotokozera zonse. Anakhala kaye chete, kenako akuti "Chabwino. Tandiuzani, munthu ameneyu atalemba kalata yakeyo, inakafikira pa tebulo la ndani? Ndipo amene anailandirayo, mapepala a mu ofesi mwake anapita kuti?"

Funso limeneli ndi lomwe ndimayendera mpakana lero. Ine pajatu ndinabwera ndi maganizo a ku laibulale. Ku laibulale mabuku amawaika motsata mutu wa nkhani, za ulimi uku, za malamulo uko, ndipo buku lomwelo mukhoza kulipeza m'malaibulale zana. Ku archives si choncho. Zomwe zili mmenemo nthawi zambiri pepala lake ndi limodzi lomwelo padziko lonse, ndipo silinalembedwe kuti inu mudzaliwerenge, linalembedwa ndi munthu amene anali pa ntchito yake tsiku limenelo, kalaliki akudzaza kaundula, woweruza akumva mlandu, dokotala akulemba lipoti la pamwezi, wamalonda akuwerengera katundu. Nde osunga zakalewa amasunga mapepala motsata amene anawapanga, komanso mu ndondomeko yomwe mwini wakeyo anawasiyira. A ofesi ya zamaphunziro amakhala paokha, a khoti paokha, a mishoni paokha, olo onsewo akhale kuti akukamba za munthu mmodzi sawasakaniza ayi.

Mfundo imeneyi si ya dzana. Ku France anaikhazikitsa mu 1841, ndipo amene amatchulidwa kuti anaiyambitsa ndi Natalis de Wailly, pa Chifalansa amati respect des fonds. Kenako mu 1898 akatswiri atatu a ku Netherlands, Muller, Feith ndi Fruin, anatulutsa buku la malangizo lomwe linafalitsa kasungidwe kameneka kumaiko ambiri. Poyamba ine ndinkaona ngati nkungovutitsa anthu, bwanji osangosonkhanitsa zonse za mutu umodzi malo amodzi kuti wofufuza asavutike. Nditagwira mafayilo angapo mpamene ndinamvetsa. Kalata ikakhala yokha imakuuza zochepa kwambiri. Kalata yomweyo ikakhala pakati pa yomwe inaitsogolera ndi yankho lake, kamemo ka bwana kataphatikizidwa pamwamba, imayamba kuyankhula zambiri zomwe wolembayo sanalembe nkomwe. Kuichotsa pamenepo nkuidula lilime.

Chinanso chomwe sindinkadziwa nchakuti katalogu ya ku archives siitchula pepala lililonse. Imayambira pamwamba nkumatsika, bungwe lonse, kenako gawo la ntchito yake, kenako fayilo, ndipo kawirikawiri imathera pamenepo. Fayilo ya masamba mazana atatu ikhoza kukhala ndi mzere umodzi wokha mu katalogu, makalata osiyanasiyana, zaka zakuti mpaka zakuti, basi. Mayina onse omwe ali mkatimo kompyuta siiwadziwa, nchifukwa chake mphunzitsi wanga uja samatuluka. Zina sizinalowe nkomwe mu kompyuta, zili m'mabuku a mndandanda omwe anatayipidwa kalekale ndipo ali pa shelefu m'chipinda chowerengera, zina zili pa makhadi mu kabati, ndipo zina zili m'mabokosi omwe palibe anawatsegulapo chifukwa ogwira ntchito ndi ochepa katundu ndi wambiri. Mabuku a mndandandawa amawatcha finding aid, ndipo ndikukupemphani muziwawerenga kuyambira tsamba loyamba, musamathamangire ku manambala, chifukwa kumayambiriro kuja nkomwe amafotokoza kuti ofesiyo inayamba liti, inasintha dzina kangati, ntchito yake inalowa m'manja mwa ndani, ndi zomwe zinatayika panjira.

Mbali yachiwiri ya funso la amayi aja, yoti mapepala anapita kuti, ndi yomwe imayendetsa anthu mitunda. Mapepala amatsata komwe kunali mphamvu ndi ndalama. Aliyense wofufuza mbiri ya dera lomwe linalamulidwapo ndi atsamunda amazindikira msanga kuti gawo lalikulu la nkhani yake lili kutsidya la nyanja. Za maiko omwe anali pansi pa Britain zambiri zili mu nkhokwe yaikulu ya boma ku Kew mu London, komwe gulu lililonse lili ndi zilembo zake, CO ndi za ofesi yoyang'anira maiko olamulidwawo, FO za ofesi yoona za kunja, WO za asilikali. Za France zili ku Aix-en-Provence, za Portugal zili ku Arquivo Histórico Ultramarino ku Lisbon, za Spain ku Archivo General de Indias ku Seville komwe kunakhazikitsidwa mu 1785. Amishoni nawo ankatumiza malipoti kwawo, nde za London Missionary Society ndi za amishoni a Methodist mukazipeza ku yunivesite ya SOAS mu London, za Basel Mission ku Basel. Makampani ali ndi zawo, mayunivesite amasunga mapepala a anthu omwe mabanja awo anapereka, ndipo zilipo zambiri zomwe zikadali m'masutikesi m'nyumba za anthu. Chomwe chimatipulumutsa nchakuti makalata a m'maofesi ankalembedwa ndi kaboni, wotumiza amatsala ndi kope, wolandira amasunga kalata yeniyeniyo, nde ikasowa mbali imodzi mumakaisaka mbali inayo.

Kwa amene mukungoyamba kumene, njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi ya timawu ta m'munsi tija. Tengani mabuku atatu kaya anayi abwino pa nkhani yanu, musawerenge pamwamba pokha, tsikani pansi muzilemba manambala a mafayilo omwe akutchulidwa, muona kuti magulu ena akubwerabe mobwerezabwereza, amenewo ndiwo khomo lanu. Koma musathere pa fayilo yomwe wina anatchula kale. Itanitsani yoyandikana nayo, nambala ya m'mbuyo ndi yotsatira, chifukwa amene anakutsogolerani uja anali ndi funso lake ndipo anadumpha zomwe sizimamukhudza, mwina zomwe anadumphazo ndi zanu.

Ndipo chonde lembani imelo musananyamuke, pajatu safunsa anadya phula. Malo ena amafuna chitupa ndi kalata yokudziwitsani, ena amatsegula masiku ochepa pa sabata, ena mabokosi amawasunga kutali moti mumayenera kuitanitsa kusanafike tsiku, ena amakupatsani mafayilo owerengeka patsiku, ena kujambula ndi foni amalola ena salola. Mu imelomo musalembe kuti mukufuna chilichonse chokhudza maphunziro, ameneyo sangakuthandizeni olo atafuna. Nenani nthawi yake, dera lake, mtundu wa mapepala omwe mukuganiza kuti alipo, ndi zomwe mwaona kale. Anthu amenewa akhala ndi mabokosiwo zaka zambiri, amadziwa zinthu zomwe sizinalembedwe mu katalogu ina iliyonse, ndipo ine sindinaonepo wofufuza wabwino amene amawaderera.

Nde tibwerere kwa mphunzitsi uja. Amayi aja anandithandiza kuganiza chonchi: sukulu ya mishoni ikamalandira thandizo la boma ndiye kuti imayenderedwa ndi woyang'anira sukulu, ndipo mphunzitsi wodandaula akaona kuti abwana ake a mishoni sakumumva amalembera ameneyo. Choncho tinasiya kusaka dzina lake tinayamba kusaka makalata a ofesi ya zamaphunziro a zaka zimenezo. Masiku awiri ndinangovundukula za mabenchi, za malata a denga, za chiwerengero cha ana, maso mpaka kuwawa. Tsiku lachitatu anandibweretsera fayilo yakhakhi yomangidwa ndi kachingwe, m'makona itadyedwa ndi njenjete, ndipo mutu wake unali wamba zedi woti munthu sangauyang'ane kawiri. Fungo la mapepala akale lija, la fumbi ndi chinyezi, linandipeza nditangomasula kachingweko. Masamba ambiri anali makope a kaboni opyapyala moti zilembo za kuseri zimaonekera. Cha pakati ndinaona pepala losiyana ndi anzake, lothothola mu kope la sukulu, la mizere, lolembedwa pamanja ndi inki yomwe inasanduka yofiirira, zilembo zoima bwinobwino za munthu wozolowera kulemba pa bolodi. Pakona panali phini wadzimbiri ndipo dzimbirilo linali litadya pepala nkusiya kabowo. Dzina linali lake, kungoti linalembedwa mosiyana ndi momwe buku lija linalembera, ndipo mu fayilo yomweyo kalaliki analilembanso mwa mtundu wachitatu.

Ndinakhala kaye manja ali pa tebulo osagwira kanthu. Munthu amene kwa miyezi yonseyi anali mizere iwiri pansi pa tsamba tsopano anali pamaso panga ndi dzanja lake lomwe. Kalatayo inali yaulemu kwambiri, ankapempha kuti ana a kalasi yake asamachotsedwe m'kalasi kukagwira ntchito nthawi ya maphunziro, ndipo anawerengera masiku omwe anatayika mwezi ndi mwezi. Koma chomwe chinandigwira mtima koposa chinali m'mphepete. Wina analembapo ndi pensulo yabuluu mawu ochepa opita kwa mnzake wa mu ofesi, osayankha nkomwe za anawo, kungofunsa ngati mphunzitsiyu ndi munthu wovuta. Pansi pake wina anayankha ndi inki nkusayina zilembo ziwiri za dzina lake. Nkhani yonse ya kuchotsedwa kwake inali mu timawu ta m'mphepeteto, ndipo ndikanangopatsidwa kalata yokhayo popanda fayilo yake sindikanaiona.

Apa mpamene ntchito yeniyeni imayambira, chifukwa kupeza pepala ndi china, kuliwerenga ndi chinanso. Pepala lakale limakopa, ukaligwira umangomva ngati zonse zomwe zalembedwapo ndi zoona popeza ndi lakale. Ayi ndithu. Wolemba anali ndi bwana woti amusangalatse, anali ndi cholakwa choti abise, anali ndi zinthu zomwe samazimvetsa, ndipo nthawi zambiri mawu a munthu wamba amatifika atadutsa mkamwa mwa womasulira kenako m'dzanja la kalaliki. Chitsanzo chomwe chimandikhudza ndi cha ku America. Pakati pa 1936 ndi 1938 boma linatuma anthu kukacheza ndi okalamba omwe anabadwira mu ukapolo, anthu oposa 2,300, ndipo zolembazo zili ku Library of Congress. Ndi chuma chachikulu zedi. Koma ambiri mwa ofunsawo anali azungu, m'madera momwe munthu wakuda amayenera kusamala polankhula. Mayi wina wa ku Charleston anafunsidwa kawiri ndi anthu awiri osiyana, kwa mzungu anakamba zabwino za mbuye wake wakale, kwa wofunsa wakuda anakamba za zikwapu ndi za ana ogulitsidwa kuchoka m'manja mwa amayi awo. Mapepala onse awiri ndi enieni, onse ali mu nkhokwe imodzi, ndipo amene wawerenga limodzi lokha atuluka ndi nkhani yopotoka.

Komanso zomwe zinasindikizidwa m'buku si nthawi zonse zimafanana ndi zomwe zinalembedwa tsiku lomwelo. David Livingstone ali ku Nyangwe mu 1871, m'dziko lomwe lero ndi Congo, mapepala ndi inki zinamuthera, nde ankalemba pamwamba pa nyuzipepala yakale ndi inki yomwe anapanga kuchokera ku njere za chipatso. Pa 15 Julaye chaka chimenecho anaona amalonda a akapolo akuwombera anthu pamsika, anthu mazanamazana anafa. Inki ija inazimiririka moti kwa zaka zoposa 100 palibe amatha kuwerenga bwino, anthu ankadalira buku lomwe linatuluka mu 1874 iye atamwalira, lokonzedwa ndi Horace Waller. Mu 2011 akatswiri atajambula masambawo ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana mawu oyambirira anaonekera, ndipo zinapezeka kuti akusiyana ndi a m'bukumo, mwa zina akuonetsa nkhawa yake yoti mwina anthu a m'gulu lake lomwe anakhudzidwa ndi zomwe zinachitikazo. Nchifukwa chake ine ndikamva kuti pepala loyambirira lilipo sindikhutira ndi kope lokonzedwa.

Tinthu tina nting'onoting'ono koma timagwetsa anthu. Madeti mwachitsanzo. Ku Britain mu 1752 anthu anagona pa 2 Seputembala nkudzuka pa 14 Seputembala chifukwa chosintha kalendala, ndipo kale ku England chaka chinkayamba pa 25 Malichi, nde kalata ya mu Febuluwale ikhoza kukusokonezani ndi chaka chathunthu. Russia inasintha mu 1918. Mayina a malo amasintha, malire amasuntha, dzina la munthu mmodzi limalembedwa mmene kalaliki walimvera tsiku limenelo.

Tsopano nkhani yomwe imandipweteka, ya zomwe kulibe. Anthu ambiri amaganiza kuti boma limasunga chilichonse. National Archives ya ku America imanena yokha kuti pa mapepala onse omwe boma limapanga, omwe amasungidwa mpaka kalekale ndi pakati pa 1 ndi 3 pa 100 aliwonse. Enawo amawonongedwa mwalamulo, ndipo wina anakhala pansi nkusankha kuti ichi nchofunika ichi ayi. Pa zotsalazo moto umadyanso. Pa 30 Juni 1922 nkhokwe ya zolemba za boma ku Dublin, m'dziko la Ireland, inapsa pa nkhondo ya pachiweniweni, mapepala a zaka mazana ambiri anathera pomwepo. Pa 12 Julaye 1973 moto ku St. Louis, ku America, unawononga mafayilo a asilikali pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. Kalembera wa 1931 wa England ndi Wales anapsa mu 1942, ndipo mu 1941 kalembera sanachitike chifukwa cha nkhondo. Ku Cologne, m'dziko la Germany, nyumba yonse ya archives inagwa pa 3 Malichi 2009. Koma taonani zomwe anthu anachita pambuyo pake, ku St. Louis mbiri ya msilikali amaimanganso ndi mapepala a malipiro ndi a zipatala, ku Ireland anasakasaka makope omwe anali m'maiko ena ndipo mu 2022 anatsegula nkhokwe ya pa intaneti yobwezeretsa zomwe zinapsa. Funso lake ndi lomwe lija, ndaninso wina amene akanalemba za nkhaniyi.

Moto wangozi ndi wina, koma palinso moto wadala. Pamene maiko ambiri ankalandira ufulu kuchokera kwa Britain, akuluakulu a atsamunda analangizidwa kuti mafayilo ochititsa manyazi asasiyidwe m'manja mwa maboma atsopano, ena anawotchedwa, ena anaponyedwa m'nyanja, ena anatengedwa mwakachetechete. Kwa zaka pafupifupi 50 nkhaniyi inabisika, mpakana okalamba a ku Kenya omwe anazunzidwa nthawi ya nkhondo ya Mau Mau yolimbana ndi atsamunda anakasuma ku khoti mu London. Mu 2011 boma la Britain linavomera kuti pa malo ake ena otchedwa Hanslope Park pali mafayilo pafupifupi 8,800 ochokera m'maiko 37, ndipo mu 2012 ndi 2013 anawapititsa ku Kew komwe tsopano ali pansi pa FCO 141. Mu Juni 2013 boma linavomera kupereka mapaundi 19.9 miliyoni pa mlandu wa anthu 5,228. Ku Guatemala mu 2005 anthu anatulukira mapepala a apolisi okwana masamba pafupifupi 80 miliyoni ataunjikidwa m'nyumba yakale, pomwe kwa zaka akuluakulu ankakana kuti kulibe. Ku East Germany apolisi achinsinsi a Stasi anang'amba mapepala ndi manja boma lawo likugwa, matumba oposa 15,000, ndipo mafayilo omwe anatsala atawandandalika amafika makilomita 111, kuyambira Januwale 1992 munthu amatha kupempha kuona fayilo yomwe akazitape ankamulembera. Ndikamaganiza za zimenezi sinditha kuona archives ngati malo a fumbi chabe, mmenemo muli anthu omwe akudikirabe kuti wina awakhulupirire.

Zina zilipo koma nzotsekedwa kaye, ndipo apa pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono nkudekha. Britain inali ndi lamulo loti mafayilo a boma azitsegulidwa patatha zaka 30 ndipo kuyambira 2013 inayamba kulitsitsa kufika zaka 20. Kalembera wa ku America amatsegulidwa patatha zaka 72, wa 1950 anatuluka mu Epulo 2022, pomwe wa 1921 wa England ndi Wales anadikira zaka 100. Ku Vatican mapepala a nthawi ya Papa Pius XII anatsegulidwa mu Malichi 2020. Mukapeza kapepala mu fayilo konena kuti tsamba lachotsedwa, lembani zimenezo mu manotsi anu ndipo funsani ngati pali njira yopemphera kuti aliunikenso, nthawi zina amatsegula.

Za intaneti ndinenepo pang'ono, chifukwa ndimakumana ndi achinyamata ambiri omwe amati akasaka pa Google osapeza ndiye kuti kulibe. Zomwe zinapangidwa sikani ndi kachigawo kochepa chabe ka zomwe zili m'mashelefu, ndipo zimasankhidwa potengera zomwe zili ndi ndalama kapena zomwe anthu ambiri amafuna. Sindikunyoza ayi, zandithandiza kwambiri. Endangered Archives Programme ya British Library, yomwe inayamba mu 2004, yajambula zolemba zomwe zinali pangozi m'maiko ambiri ndipo mumaziona ulere muli pakhomo. Koma kompyuta ikamawerenga nyuzipepala yakale imaphonya zilembo, dzina limodzi muzilisaka m'njira zinayi zisanu, ndipo zolemba pamanja mapulogalamu ngati Transkribus amayesetsa koma muzitsimikiza ndi maso anu. Chinanso, kusaka ndi liwu kumakuponyani pakati pa fayilo osaona zomwe zili kutsogolo ndi kumbuyo, nde mukapeza tsamba lanu bwererani m'mbuyo muwerenge fayilo yonse ngati kuti ili pa tebulo.

Pa kajambulidwe ndinaphunzira mowawa. Ulendo wina ndinajambula masamba ambirimbiri ndi foni, ndikusangalala kuti ndakolola, kufika kunyumba patapita masabata ndinapeza tsamba lofunika kwambiri koma osadziwa kuti linachoka mu fayilo iti, ndipo umboni womwe sungathe kuuloza komwe uli sungaugwiritse ntchito. Zinanditengera ulendo wina wathunthu kuti ndilipezenso. Kuyambira pamenepo chithunzi choyamba chimakhala cha kapepala koitanitsira, chachiwiri cha chikuto cha fayilo pomwe pali nambala, kenako masamba motsatana kuphatikiza kuseri ngati kwalembedwa kanthu, ndipo madzulo omwewo ndimaziika mu foda ya nambala yomweyo nkusunganso kope kwina. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Tropy yomwe inapangidwira zithunzi za mtundu umenewu. Mu manotsi ndimasiyanitsa mawu enieni a pepala ndi maganizo anga, ndipo ndimalembanso mafayilo omwe ndinatsegula osapezamo kanthu, kuti chaka chamawa ndisadzawaitanitsenso. Pogwira mapepala, manja osamba ndi ouma ndi omwe malo ambiri amafuna, magolovesi oyera aja amachititsa kuti usamve pepala nkuling'amba, amafunika kwambiri pa zithunzi. Osanyambita chala potsegula tsamba, osatsamira pa fayilo, osasintha ndondomeko ya masamba olo ikuoneka ngati yasokonekera, auzeni eni ake.

Ndipo kumbukirani kuti anthu a m'mafayilowa sanatipatse chilolezo. Mu fayilo ya chipatala, ya khoti, ya apolisi, muli matenda a anthu, ngongole zawo, mabodza omwe adani awo anawanenera, ndipo zidzukulu zawo zilipo zikuyenda. Lamulo likhoza kukulolani kutchula dzina koma muzidzifunsabe ngati nkhani yanu ikufunikadi dzinalo. Nchifukwa chake mphunzitsi uja sindikumutchula pano, ndikufuna ndiyambe ndapeza abale ake aone kalatayo iwo asanaione anthu ena.

Kalata ija inathera pakati pa chiganizo, pansi pa tsamba. Kabowo ka phini kaja kamaonetsa kuti panali tsamba lachiwiri, ndinavundukula fayilo yonse kawiri, ndinaitanitsa yam'mbuyo ndi yotsatira, silinapezeke. Ndinapita kwa amayi aja kukawauza, akuti "Nanga a mishoniwo sanalandire kope? Munthu wolemba mwadongosolo chonchi sangalembere boma osawadziwitsa abwana ake." Ndinalembera ku likulu la mishoniyo kunja, ndinapereka zaka zake, dera lake ndi kalembedwe katatu konse ka dzina lija. Yankho linabwera patatha milungu isanu ndi umodzi, akuti ali ndi mabokosi awiri a makalata ochokera ku siteshoni imeneyo omwe sanalowe mu katalogu, sangandisakire tsamba ndi tsamba koma ndikabwera adzanditulutsira. Ndasungitsa kale malo a masiku anayi m'chipinda chawo chowerengera, ndipo chithunzi cha tsamba loyamba lija ndachisindikiza kuti ndikafananize dzanja.